Njinga Yopanda Katundu

Lamulungu m'mawa, Kabulonga akadali mtulo,
agalu okha kuseri kwa mageti ndiwo amandiona
ndikutulutsa njinga imene Tionge anandigulira
dokotala atanena kuti shuga wanga wakwera padenga.
Magiya makumi awiri ndi limodzi. Ine ndimadziwa atatu.
Chipewa pamutu ngati chigoba cha fulu,
ndi kabudula wothina amene mkazi wanga amamuseka m'mphuno.

Ukadutsa Bauleni mzinda umayamba kusosoka,
mipanda ya njerwa kusanduka waya,
waya kusanduka udzu wolekeza m'khosi.
Phula likatha njinga imayamba kuyankhula,
timiyala tikuthetheka pansi pa matayala,
njira nkutsetsereka yokha kunka ku Chalimbana.
Apa sindipalasa.
Mphepo imandilowa m'malaya ngati mwana wofuna masewera.

Kenako chigwa chonse, poyera:
madimba a repu ndi tomato,
pampu ikutsokomola m'mphepete mwa madzi,
akakowa akulondola ng'ombe za eni,
mkuyu pamene mtsinje umapinda chigongono,
nkhungu ili chigonere pa bango, yaulesi kuposa ine.

Munga unandipeza pomwepo.
Fyuu. Tayala lakumbuyo linafa ndikuona.

Iye anatulukira pa mtunda wa tsidya, akukankha,
matumba asanu a makala omangidwa ndi mphira,
njinga yakuda, buleki yake chidendene cha patapata.
Anaiyedzamitsa pamtengo ngati akukhazika wodwala.
Dzina ndine Lupiya, anatero, koma m'thumba musafunse.
Ananyamuka nthanda isanatuluke,
makalawo afike ku Mtendere dzuwa lisanakwiye.

Chubu anachiviika mumtsinje, timathovu tinaulula bala.
Anapala ndi mwala, nathira guluu wa m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa,
chigamba nkudula pa mphira wa katundu wake yemwe.
Zala zake zinasiya zidindo zakuda pa utoto wanga wabuluu.

Nanga ulendowu ngwakuti, bambo?
Kulibe, ndinatero. Ndikungoyenda.
Katundu mukatenga pobwerera?
Iyayi.
Anayang'ana njinga, nayang'ana ine, nabwereranso kwa njinga,
naitukula m'mwamba ndi zala ziwiri,
naseka mpaka nantchengwa anachoka pamwala.
Ndiye kuti katundu wake ndinu.

Anapempha kuti ailaweko, kufika pa kamlatho basi.
Ndigwirireni yangayi.
Ndinagwira. Mayo ine.
Matumba asanu anandikankhira kudimba la eni,
mawondo akunjenjemera, mtima ukugunda m'makutu,
ine amene zaka makumi atatu ndanyamula cholembera chokha.
Iye ali uko, malaya akukupiza,
akukuwa ngati mnyamata wothawa sukulu,
miyendo itatambasuka, mapedulo akuzungulira okha,
ndipo pa kamlatho sanaime.
Anakakhota kutali, ku munda wa mpendadzuwa,
nabwera pang'onopang'ono, akuyang'ana mitengo.

Njirayi ndadutsamo zaka zisanu ndi zitatu, anatero,
kuti uko kuli dziwe sindimadziwa.
Munthu ukamakankha umaona tayala lokha.

Ndalama sanakane, ndipo ndinakondwa kuti sanakane.
Tinakwera mtunda limodzi, ine pambuyo pa matumba,
dzanja limodzi pa makala, lina pa njinga yanga yopepuka.
Kaya ndinathandizadi, kaya ndinali thumba lachisanu ndi chimodzi,
iye sananene.
Pa phula tinasiyana. Ndinamupitirira ndi giya lachitatu,
ndikuchita manyazi ndi liwiro.

Madzulo magetsi anazima monga mwa masiku onse.
Mkazi wanga anakoleza mbaula pakhonde,
natenga kansanza kuti apukute njinga.
Zisiye zidindozo, ndinatero.
Anandiyang'ana ngati shuga wafika kumutu.
Makala anathetheka, ofiira, a mtondo weniweni.
A ndani, sindikudziwa.
Lamulungu likudzali ndikafunafuna dziwe lija.