Njerwa ya Kumunsi kwa Zenera

Komiti yandigulira matumba asanu ndi anayi a simenti.
Akuti holo yathu ikuchititsa manyazi pamaso pa alendo,
ndiipake pulasitala mvula isanagwe.
Ndafika m'mamawa ndi supuni ndi levulo,
fumbi la msewu wa ku Chamama lisanadzuke,
koma ndayamba ndaima.

Njerwazi ndikuzidziwa.
Tinaziumba kudambo, kumunsi kwa dibi,
chaka chimene fodya anayenda bwino ku okushoni,
amuna nabwerako ndi mawailesi paphewa.
Khomo lililonse njerwa mazana atatu,
wozemba ankalipa nkhuku.
Ine ndinali kamwana kotsuka chikombole,
matope mpaka m'makutu.
Malata anachokera m'mabelo,
pa belo lililonse kangachepe,
ndipo ena ananyinyirika mpaka denga linatha.

Muno mlongo wanga Feliya anamukoloweka pasikelo
akupalasa miyendo m'malere.
Muno munabwera kanema wa jenereta,
polowa dzira limodzi,
nkhuku za m'mudzi nkuoneka ngati zaleka kuikira.
Muno tinaponya voti tikunjenjemera,
poganiza kuti bokosi lili ndi maso.

Chaka chomwe tinkakumba zitsa za nthochi
muno munagona chimanga cha thandizo,
matumba kufika kumitanda.
Yotamu mlonda ankagona pamwamba pake
m'mimba muli pululu,
osaboolako ngakhale limodzi.
Mpaka lero ena amati chinali chitsiru.
Ine pamanda ake ndimavula chipewa.

Bambo anga a Lufeyo ankasaina ndi chala.
Imvi zitamera analowa sukulu ya kwacha muno,
pabenchi la ana, mawondo kufika kuchibwano.
Tsiku limene analemba dzina lawo,
chilembo choyamba chitayang'ana kumbuyo,
pepalalo anabwera nalo m'thumba la malaya
ngati lisiti la ng'ombe.

Lero holo sipuma.
Lachitatu amayi a banki m'khonde
ndi bokosi lawo la maloko atatu,
kuwerengerana ndalama mokweza ngati akukangana.
Lamulungu mipingo iwiri imalimbirana m'mawa,
wochedwa amapemphera dzuwa lili paliwombo.
Anyamata atchaja mafoni pa sola ya pakona,
wa soya wabwereka mbali ina mwezi wathunthu,
mlandu wa malire a munda wathera muno dzana
popanda wogwirana chanza.
Loweruka ukwati, mapepala a maluwa kudenga,
mawa lake bokosi la maliro lidikira galimoto
pansi pa maluwa omwewo.
Usiku ndi wa mileme.

Ndaponda matope a simenti, ndamenya khoma la kuzambwe,
mawanga a utsi, mayina a ana olemba ndi makala,
zonse zalowa pansi pa imvi zatsopano.
Ndafika pazenera la kuvuma.
Mzere wachinayi kuchokera pansi
pali njerwa yopsereza, yakuda mbali imodzi,
ndipo pakati pake chala chachikulu chinadinda,
chokhota, chipsera cha chikwanje chitadutsa pakati.
Chala ichi chinanditsinapo khutu.
Chala ichi chinkayesa chinyezi cha fodya m'chigafa.
Chinasaina pano eni ake asanadziwe cholembera.

Ndazungulira.
Ndasalaza m'mbali monse ndi thabwa,
ndasiya kabwalo kokwana chikhatho.

Madzulo abwera amayi Dolika, mlembi wa komiti,
buku kukhwapa, magalasi pamphuno.
Akuti, nanga apa, simenti yatha?
Ndati, eya, yathera pomwepa.
Ayang'ana thumba latheka lomwe lili kumapazi anga,
ayang'ana njerwa,
atseka buku.
Akuti yawo ili kuseri, pafupi ndi thanki,
ya mayi awo, ili ndi zala ziwiri,
mawa ndisafulumire.

Ndikutsuka supuni pamjigo
ndaona kamtsikana kobwera kudzatenga foni ya kwawo
kataima pazenera paja,
kakuyesa chala chake m'dzenjemo.
Chikulowa chonse, malo nkutsala.