Moto Wofika Usanaitanidwe

Anabwera nayo Lachiwiri, mvula ya ku Sheffield ikuwaza,
ija yosanyowetsa msanga koma yolowa m'mafupa.
Ndaziona, yunifomu ya buluu pansi pa jekete,
kundipatsa makiyi ngati akupereka mwana wodwala.
"Ikulira, achimwene, koma si nthawi zonse.
Ndikamakwera ku Crookes m'pamene imayamba,
ngati wina akugwedeza misomali m'chitini."

Bwana wanga Ogden analumikiza kompyuta,
nayang'ana, nakweza mapewa: palibe cholembedwa.
Iye amakhulupirira zimene galasi lanena.
Ine ndinaphunzira ku Ndirande, kwa a Chimtengo,
amene ankati injini sinama,
wogontha amakhala makaniko.

Ndinatenga sikuludiraiva yaitali,
nsonga pachitsulo, chigwiriro pakhutu.
Ili chiimire, inkapuma bwino.
Kunalibe du du du wa pansi uja,
wa mabeyaring'i otha,
amene ukamumva umangovula chipewa.
Malata a pa ekizozi, olimba.
Oyilo pamzere. Madzi osatsika.

Ndiye tiyeni kuchitunda.
Giya yachinayi, liwiro lochepa, phazi pansi,
tabo n'kuyamba kukoka mpweya, fyuuu,
ndipo apo:
ngwe-ngwe-ngwe-ngwe,
kaphokoso kouma, ka mano a munthu wozizidwa.
Kuchotsa phazi, zii.
Kubwerera giya yachitatu, zii.
"Mwamvatu?" anatero. "Sindine wamisala."

Petulo mumathira wanji?
"Wotchipa. Nanga ndithire uti?"
Mapulagi anasintha ndani?
"Mnyamata wina wa kutchalitchi, mapaundi makumi awiri."
Maulendo anu?
"Khomo ili, khomo ilo.
Okalamba asanu ndi anayi pa tsiku,
kuwasambitsa, kuwamwetsa mankhwala,
mphindi zisanu pamsewu, kuzimitsa, kulizanso."

Pulagi yoyamba inatuluka mbee,
ngati yapakidwa laimu,
timadontho takuda titamwazika kunsonga.
Si ya injini iyi. Imasunga kutentha.
Ndinalowetsa kakamera m'dzenjemo:
pamutu pa pisitoni mwaye wagwirana
ngati kunsi kwa ketulo ya pambaula.
Ndipo kumbuyo, kumene dzanja limalowa mokanda,
kachipangizo kaja, khutu la injini,
koyenera kumva kugogoda n'kuuza kompyuta ichedwetse moto,
bawuti yake inali yokhwefuka.
Kankamva za kutali. Za m'nyumba mwake, ayi.

Ndinamuuza tili chiimire pa simenti yozizira:
moto uyenera kudikira kuitanidwa.
Pisitoni ikwere, pulagi ithethetse, kenako uyake.
Koma tabo ikapanikiza,
petulo wofooka sapirira,
khala la mwaye limayatsa pakona,
moto wina uku, wina uku,
n'kugundana mitu pakati.
Chimene mukumva ndi pisitoni ikumenyedwa
ili paulendo wake.
Mukailekerera, tsiku lina ibooka.

Anakhala chete, akuyang'ana pulagi ili m'dzanja langa.
"Ndiye ikupsa nthawi isanakwane."
Sindinadziwe ngati akufunsa.
Maso ake anali ofiira ndi ntchito ya usiku,
foni ikunjenjemera m'thumba kachitatu.

Mapulagi anayi oyenera. Bawuti ija, kumanga.
Ogden analemba mtengo, ine n'kufufuta ola limodzi
iye atapita kukathira tiyi.
Thirani petulo wa 99, ngakhale akuluma.
Musaikwezere chitunda pa giya yaikulu ngati mukuilanga.
Ndipo Lamlungu muitulutse pamsewu waukulu,
ithamange mpaka ku Leeds, itenthe, ikhosomole mwaye.

"Lamlungu ndimagwira," anatero, akumanga lamba.

Ndinaima pakhomo la galaja, chiguduli m'manja,
khutu ndalitchera kumtunda.
Ndinamva giya yachiwiri, yachitatu,
tabo ikukoka,
ndikudikira misomali ija.
Basi ya nambala 52 inadutsa pakati pathu,
ndipo sindinamvenso kanthu.