Mdima wa ku Hammerfest

Dzuwa linalowa mu Novembala, silinatulukenso.
Kuno n'chizolowezi.
Timayatsa nyale pawindo nthawi ya nkhomaliro,
timakumba chipale pakhomo ndi fosholo
kuti wobweretsa makalata apeze njira.

Koma chaka chino mdima walowa ndi m'nyumba momwe.
Gunvor, amene ndagona naye bulangete limodzi
zaka makumi anayi ndi zitatu,
anandiyang'ana m'mawa wina ndikumupatsa khofi
n'kufunsa mwaulemu wake wonse uja,
"Bambo, mwabwera kudzakonza mpopi?"

Ndinaseka.
Kenako ndinalowa m'bafa
n'kutsegula madzi kuti asandimve.

Ambuye, ndakuitanani.
Ndakuitanani m'basi yopita kuchipatala,
ndakuitanani pakati pa usiku ndikusintha zofunda zonyowa,
manja anga awa, amene anakalambira kutumbula nsomba kufakitale,
akuphunzira kumanga mabatani a malaya a munthu wina.
Chondiyankha ndi firiji yong'ung'udza kukhitchini
ndi mphepo ya kunyanja yogwedeza chitseko cha galaja.
Inu zii.

Abusa anabwera Lachinayi,
mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wanga.
Ndinawafunsa osawapatsa n'mpando womwe: ali kuti?
Anati, "Sindikudziwa, Eilif."
Anavula jekete, natsuka mbale za masiku atatu.
Yankho lawolo linandipsetsa mtima mpaka Loweruka.

Sindibisa, mukudziwa kale.
Pali usiku umene ndinatseka Baibulo
n'kusanjikapo mabotolo a mankhwala.
Pali usiku umene ndinapempha kuti mumutenge,
kutacha ndinachita manyazi kumuyang'ana kumaso.

Komatu ndine mbadwa ya kuno,
ndipo m'tauni muno simudzamva munthu akuti dzuwa lafa.
Cha m'ma leveni koloko,
kumwera, kuseri kwa mapiri, kumayera pang'ono,
kenako kufiira,
ngati wina wayatsa nyale m'chipinda china n'kutseka chitseko.
Kuwala kwake sikutenthetsa.
Sikuumitsa ngakhale sokosi.
Kanthawi kochepa, kwatha.
Komabe oyenda mumsewu onse amatembenukira komweko,
ngakhale agalu.

Ndimo mmene ndikukudikirirani.
Nyimbo zinandithera kukhosi.
Ndikudikira ndi supuni m'manja, phala likuzizira,
ndikuwerenga mapiritsi, awiri oyera, limodzi lachikasu,
ndikubisa makiyi kuti asatuluke osavala nsapato
kukafuna mayi ake amene tinawaika kalekale.

Dzulo ndikumupesa tsitsi
anagwira dzanja langa, nalitembenuza.
"Mwazizira ngati Eilif wanga," anatero.
"Akabwera kuchokera kudoko ndimamufunditsa chonchi."
Analiika dzanjalo m'khwapa mwake
monga ankachitira tili achinyamata,
maso ali pawindo.
"Amachedwa ameneyo. Koma amabwera."

Ndinaima osapuma.
Akundidikira ine,
ine ndili pompo, chipeso m'manja,
amene ndamusambitsa, ndamuveka, ndamudyetsa,
ndipo dzina langa akuliitanira kumsewu.

Sindinamuuze kanthu.
Akanachita mantha.

Usiku wonse sindinagone, Ambuye,
ndikuganiza za mbale zija,
za woyendetsa basi amene amatidikira tikachedwa,
za mphamvu zimene ndimadzuka nazo
ndisakudziwa kumene ndazitenga.
Sindikunena kuti ndakupezani.
Ndikungofunsa:
kodi nanenso ndakhala ndikuyang'ana pawindo?

Pakalendala ndazunguliza tsiku la mu Januwale
limene dzuwa limasuzumiranso,
tsiku limene ana asukulu amadya mabanzi otsekemera.
Zaka zambiri tsikulo kumakhala mitambo,
dzuwa osaoneka mpaka sabata inanso.
Mabanziwo timadyabe.

Gunvor sadzachira, adokotala sanandinamize.
Ufa ndagula kale, ndi shuga.
Kabuku kake kophikira kali ndi madontho a batala
pa tsamba limene ndikufuna,
ndipo pali mawu amodzi amene analemba mothamanga,
sindikutha kuwawerenga.