Nsapato za Nambala Sikisi

Anabwera Lachiwiri, kukuwaza kamvula ka Juni
kamene kuno ku Mzuzu sikagwa, kamangoyandama,
atafungatira nsapato ngati nkhuku yodwala.
Ine ndili pabenchi langa kuseri kwa msika,
phula m'manja, singano pakamwa.
Anati, "Monire, dada," lilime likupunthwa,
Yotamu wakabaza n'kuseka mpaka kutsamwa chimanga.

Dzina lake Chidubem.
Tinaliyesa, linatikanika kumchira,
tinangodula: Chidu.
Anati kwawo ku Enugu chi ameneyo ndi Mulungu.
Ndinati kuno chi ndi chinthu chachikulu,
chimunthu, chimvula, chingongole.
Anaganiza pang'ono, nati sizikusiyana kwenikweni.

Nsapato sinama.
Ya womwetsa zigoli imatha kumphuno,
ya wotchinga kumbuyo imatha chidendene,
koma iyi inadyeka m'mbali, mkati mwa phazi,
pomwe munthu amaperekera mpira kwa mnzake.
Ndinadziwa ndisanamuone m'bwalo
kuti uyu ndi wapakati,
wophika, ena n'kumadya.

Ulendo wake ndinauwerenga pachikopa:
zigamba zitatu, ulusi wosiyana.
Wofiira anasoketsa ku Cotonou,
komwe anasewera miyezi isanu osaona malipiro.
Wakuda ku Kitwe, bondo litatupa ngati dzungu.
Za wachitatu sanafune kunena.
Anangoti ejenti anamulonjeza Ulaya,
n'kumusiya padepoti ndi chikwama
ndi nambala ya foni yosagwira.
"Kuzizira kokha ndiko sananame," anatero,
akukokera manja m'juzi.

Loweruka ndinatseka msanga, ulendo kusitediyamu.
Matope mpaka m'akakolo.
Chidu sankathamanga ngati anzake.
Ankaima, n'kuyang'ana uku ndi uku
ngati mayi wowerenga chenji,
anthu n'kumakuwa kuti mlendoyu ndi waulesi,
abwerere kwawo akapange mafilimu.
Kenaka phazi lija,
mbali yomweyo ndinasoka ine,
linalowetsa mpira pakati pa anthu atatu
monga ulusi pabowo la singano.
Kamnyamata ka ku Chibavi kanangogunda. Chigoli!
Bwalo lonse linaimba dzina la kamnyamatako.
Wailesi madzulo inakatchula kanayi.
Ndekha ndinakuwa kuti, "Ulusi wanga umenewo!"
anthu n'kundiyang'ana ngati ndalawa.

Zaka ziwiri, ndinazisoka kasanu ndi kawiri.
Anaphunzira kumeza kondowole osatafuna,
anati tsabola wathu ndi wa ana
mpaka tsiku lomwe kambuzi anamuliza.
Lamulungu ankaima pansi pa paini ku Katoto
kuimbira mayi ake,
kuseka mokweza m'chilankhulo chawo.
Akadula foni nkhope inkagwa
ngati tenti msonkhano utatha.

Januwale uno makontirakiti atatuluka
dzina lake panalibe.
Zaka makumi atatu ndi chimodzi, anatero mabwana,
bondo lomwe lija, komanso pepala la ku imigireshoni n'lodula.
Sanakwiye. Anabwera kudzalipira ngongole yanga,
ma handiredi asanu ndi atatu, onse osilira mvula.
Anati ku Mbeya kuli timu ikufuna kumuona,
mwina. Mawu akuti mwina ankawatchula bwino
kuposa mawu ena onse a Chichewa.

Nsapato anandisiyira.
Anati zatopa kuwoloka malire.

Ndinazipachika pamsomali, pamwamba pa zidendene za azimayi.
Dzana kamtsikana ka ku Zolozolo, Tiyezge,
kamene kamasewera ndi anyamata kuseri kwa tchalitchi,
kanaima nthawi yaitali kakuziyang'ana.
Kanafunsa mtengo. Ndinati n'zazikulu.
Kanati kaikamo nyuzipepala.
Ndinafunsa, "Umamwetsa zigoli?"
Kanati ayi, ine ndimangopatsira.

Ndinazitsitsa.
Yotamu akuti ndakalamba, ndayamba kugawa katundu.
Sindinamuyankhe, singano inali pakamwa,
ndipo kamvula kaja kanali katayambanso.