Tsamba Lachiwiri

Zaka khumi ndi zitatu ndakhala ndikukweza anthu phiri.
Ndikudziwa mwala uliwonse woterera panjira ya ku Chambe,
ndikudziwa pomwe mlendo amayambira kudandaula maondo,
koma sindinkadziwa kuti khomo langa lenileni
lili m'foni ya munthu amene sanandionepo.

Anandikonzera ndi Lanjesi, mwana wa mlongo wanga:
chithunzi chimodzi cha Dziwe la Nkhalamba,
nambala yanga, mtengo wa tsiku limodzi, basi.
Munthu akafufuza wotsogolera ku Mulanje
dzina langa linkatuluka lachitatu,
Feston Makwinja wa ku Likhubula,
pansi pa malodji awiri a anthu andalama.
Foni inkalira ngakhale ndili m'tchalitchi.

Kenako Lanjesi anabwera ndi nzeru za ku Limbe.
Akuti malume, wolowa aliyense azisiyako kenakake.
Anaika kabokosi kodumphira m'maso:
lembani imelo yanu.
Ukakatseka, kena: mtengo watsika lero lokha.
Ukakatseka, kenanso ka obetcha mpira
kamene kankatidonthezera timakwacha.
Kamtanda kotsekera kanali ngati utitiri,
chala changa chokhakhala ndi zingwe za katundu
chinkakaphonya katatu.

Ndinaseka. Ndinati chitukuko chafika.

Inu amene munadutsapo pa Chitakale mukudziwa.
Minibasi isanaime n'komwe
nanazi walowa kale pawindo,
nthochi pamphuno, mapeyala pachifuwa,
ndipo yemwe ankafunadi nanaziyo
amakoka galasi n'kuyang'ana kumbali.
Ndi zomwe ndinawachita alendo anga.
Ankabwera kudzaona phiri,
ine n'kuliphimba ndi chiperoni chopanga ndekha.

Makina ofufuzira aja alibe maso
koma amawerenga mapazi.
Anaona anthu akufika, akubwerera pakhomo
asanapukute ndi nsapato zomwe,
anati uku kulibe chimene akupezako.
Meyi ndinali wachisanu ndi chiwiri.
Juni, nyengo yeniyeni yokwera,
thambo loyera mpaka Sapitwa kuoneka mano,
ndinagwera tsamba lachiwiri,
ndipo tsamba lachiwiri ndi manda,
sapitako munthu popanda maliro.

Palibe anandilembera kalata.
Panalibe mlandu, panalibe woweruza woti ndimugwire mwendo.
Foni inangokhala duu pashelefu,
Eluby n'kumandifunsa ngati batire lafa.
Witinesi ndi Jailosi, ondinyamulira katundu,
anakalembetsa ganyu yothyola tiyi,
tikakumana pamsewu ankandipatsa moni wa mwaulemu kwambiri,
moni uja wopweteka.

Anandiuza ndi mphunzitsi wina wa ku Luchenza
amene anakwera ndi mnzanga, osati ine.
Tinakumana pamoto ku Lichenya, akuumitsa masokosi.
Anati: ndinu a Makwinja?
Ndinayamba kufuna inu.
Bandulo yanga inathera pa mabokosi anu aja,
nambala yanu sindinaione.
Anatero akuseka, wopanda mkwiyo,
n'kundigawira mtedza.

Usiku umenewo sindinagone.
Ndinkaganiza za ena amene sindidzakumana nawo pamoto,
amene anagogoda, ine n'kuwaponyera chikwangwani kumaso.

Lanjesi anachotsa zonse Loweruka limodzi,
akung'ung'udza za timakwacha ta obetcha.
Kunatsala dziwe, nambala, mtengo.
Ndinkayesa Lolemba ndibwerera pamalo panga.
Ayi ndithu.
Ine amene ndimauza alendo tsiku lililonse
kuti kutsetsereka ndi kamphindi, kukwera ndi mpweya,
ndinayenera kudziuza ndekha.

Ogasiti, Sepitembala, mvula inayamba, inatha.
Tsopano ndili wachisanu ndi chinayi,
m'munsi mwenimweni mwa tsamba loyamba,
ngati munthu wokhala pakondakitala, mwendo umodzi panja.

Dzulo foni inalira.
Anamwino anayi a ku Zomba, akufuna masiku awiri.
Anafunsa ngati kumwambako kumazizira.
Ndinati tengani majuzi awiriawiri.
Ndatuma mwana kukaitana Jailosi.
Witinesi akuti aganize kaye.