Munthu Wouluka ku Chibavi

Ndinatsamiritsa njinga pa mpanda wa Zgambo,
mvumbi wa Juni ukulowa m'kolala ya jekete.
Pakhomo ndinasiya ndalama ya pasinjala mmodzi,
wonenepa uja wa ku Zolozolo amene anakana kutsika pa chitunda.
M'katimo fungo la sokosi ndi chimanga chootcha,
mabenchi a zigwagwa oluma matako.

Ndinene zoona: pamene ananyamuka koyamba,
chinsalu chakumsana chikukupiza,
thupi langa linapita naye, mtima unatsala pa benchi.
Sipika yong'ambika inabangula, malata anayankha,
ana a kutsogolo anagwa chagada.
Amene anajambula zimenezi ntchito amaidziwa.
Galasi lililonse losweka linali ndi kuwala kwakekwake,
ndipo atagwira sitima ndi dzanja limodzi
ine ndinafinya buleki pomwe panalibe buleki.

Koma chimene ndapita nacho kunyumba n'chaching'ono.
Usiku uja atavula chigoba, atakhala pa masitepe,
akulephera kumasula chingwe cha nsapato
chifukwa manja akunjenjemera.
Manja amenewo ndimawadziwa.
Apo tonse tinati zii,
ngakhale Vitumbiko wolongolola uja.

Tsono zinazo, ayi ndithu.
Anagwetsa nyumba zosanja zingati?
Ndinawerenga mpaka khumi ndi zinayi, n'kuleka.
Maliro sitinawaone. Palibe anayala mphasa,
palibe anayenda ndi mbale ya chipepeso.
Kuno khoma limodzi likagwa ndi mvula ku Masasa
timalikamba mpaka chaka chitembenuke.
Kwawoko fumbi lisanakhazikike
ayamba kale kupsompsonana.

Mdani wake, wa chipsera pa tsaya,
poyamba ankayankhula zomveka:
madzi akwera mtengo, osauka akumwa matope.
Ndinavomereza ndi mutu, sindinali ndekha.
Olemba nkhani ataona kuti tayamba kumumvera
anamupatsa misala msangamsanga,
aphe galu wa mwana, tim'de.
Chinyengo chimenecho ndachiona ndili benchi la kumbuyo.

Mtsikana uja akuti anaphunzira za nyenyezi,
koma maola awiri ntchito yake
kugwa pa denga, kuwakhidwa, kugwanso.
Nyauhango wa mandasi anasuzumira pakhomo nati:
"Sukulu yonse ija, kukuwa basi?"

Nkhondo yomaliza inatalika ngati mzere wa petulo.
Chibakera, kudzuka, chibakera, wotupa palibe.
Ndinayamba kuganiza za tcheni changa chofuna girisi.
Kenako magetsi anathima.
Zgambo anakoka jenereta kasanu, akulalata m'Chitumbuka,
ndipo itavomera tinapeza dziko lapulumuka kale.
Palibe anapempha kuti abwezere m'mbuyo.

Mayina atatha kukwera, nkhope ina inatuluka mu mdima
kutiuza kuti nkhani sinathe:
tidzabwerenso, tidzalipirenso.
Telala wanga wa mumsika amateronso:
buluku lako latha, koma zipi mawa.

Panja nkhungu inali itameza msewu.
Mayi wina, mwana wotentha thupi ali kumsana:
"Ku Mapale, achimwene, changu."
Ndinapalasa.
Chitunda sichinandichitire ulemu,
panalibe ng'oma kapena malipenga ondikweza,
tcheni chokha kulira, mwana kutsokomola,
ndi mpweya wanga wotuluka ngati utsi.

Pa geti anafunsa mtengo.
Ndinatchula wa masiku onse, ine si wa mu kanema.
Anamasula mfundo ya chitenje, ndalama inaperewera.
Ndinalandira yomweyo.

Pobwerera, pa mtsetse uja wopanda anthu,
ndinayang'ana uku ndi uku,
ndinamasula zipi,
ndinasiya mahandulo pang'ono chabe,
jekete likukupiza kumbuyo.