Ganyu wa Usiku ku Mirpur

Pamwamba pa shopu ya matayala, m'chipinda cha Tofazzal,
mafoni mazana atatu agona chagada pa mashelefu,
akuyamwa magetsi ngati tiana ta galu.
Ine ndine chala chawo.
Ndimalowa swala yomaliza ikatha,
ndimatuluka mabelu a rikisho akayamba kukangana mumsewu.

Usiku uno ndakonda sopo wa ku Porto kokwana zikwi ziwiri,
sopo amene sindinamununkhizepo.
Ndayamikira dotolo wa mano wa ku Leeds
dzino langa lakumanzere likugunda ngati ng'oma.
Pansi pa chithunzi cha ketulo ndalemba kuti
"yasintha moyo wanga."

Mitima zana ndi mataka makumi anayi.
Ukagula chikwi timaikapo basela.

Pa foni yapakona ndine namwino wa ku Cork,
pa yosweka galasi ndine mayi wa ana atatu wokonda maluwa.
Anthu angawa ndi aulemu,
sakana kanthu,
sanatsokomolepo.

Mlongo wanga Rokeya amasoka mabulauzi.
Anawajambula atawayanika pa denga, dzuwa likuwomba bwino,
nalandira mitima khumi ndi umodzi,
itatu mwa iyo ya azakhali.
Ndinamva chisoni.
Bwana atatsika kukamwa tiyi
ndinamubera mitima mazana asanu.

M'mawa ndinampeza akuvina ndi sizasi m'manja.
"Ona, achimwene, mpaka namwino wa ku Cork!"
Anapita kukakongola ndalama,
nagula mipukutu isanu ndi umodzi ya nsalu yobiriwira.
Ili pansi pa bedi mpaka lero, ikumwa chinyontho cha dzinja.
Namwino uja sanaitanitse ngakhale batani.
Ine pakamwa ndinasoka.

Magetsi akathima muno, kumangoti zii,
ndipo kwinakwake kutsidya kwa nyanja
munthu amadzuka nkudabwa
kuti dziko lamutayiranji usiku umodzi wokha.
Ine ndimayatsa kandulo,
nkuona nkhope yanga kokwana mazana atatu
m'magalasi akuda, yonse yatulo.

Dzulo Tofazzal wandisonyeza pulogalamu yatsopano.
Akuti imadina yokha, siipempha tiyi,
ilibe mlongo.
Mwezi wamawa iyamba ntchito.
Wandipempha kuti ndisanachoke
ndiipatse nyenyezi zisanu.

Ndaipatsa.
Chala chinazolowera.